TV yatsopano ikukana tepi ya malemu akazi anga

Aphungu,

Ndikupempha kuti mudziwitse mtundu wonse wa Amalawi, kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, kuti Loweruka lapitali nthawi ya 2 koloko masana, ine, munthu amene ndinavala gauni ya ku yunivesite ndi kutumikira boma zaka makumi atatu ndi ziwiri osataya fayilo ngakhale imodzi, ndinagonja kwa chingwe. Si chingwe cha mbuzi kapena choyanikapo zovala ayi. Ndi cha TV, chosaposa mkono wanga kutalika. Mbendera zisatsitsidwe, koma amene angathe kukhala chete kwa mphindi imodzi, atero.

Nkhani yake ili motere. Mwana wanga Luntha, amene amagwira ntchito ku Joni, wanditumizira TV yatsopano. Ndi yaikulu ngati chitseko cha khitchini, yopyapyala ngati sileti. Akuti ndi ya HD, kutanthauza kuti munthu akamawerenga nkhani umaona ndi pomwe lezala linamucheka m'mawa. Ndinayamika. Mwana akakukumbukira sumufunsa kuti wamutuma ndani.

Koma m'nyumba muno muli TV ina, yakale, ija ya chimsana, imene kuinyamula pamafunika amuna awiri ndi pemphero. Anaigula ndi akazi anga, a Rute, ndi thukuta lawo la choko, poti anali aphunzitsi. A Rute anatisiya chaka chatha mu Juni. Pansi pa TV imeneyo pali deki ya matepi a vidiyo, ndipo m'dekimo mumakhala tepi imodzi yokha. Deki ndi TV zimalumikizana ndi chingwe cha mitu itatu: wachikasu, woyera ndi wofiira.

Tepiyo ndi ya mu 1998. Amayi a Mvano a pa tchalitchi chathu anakwera phiri la Zomba kukacheza, ndipo ife amuna ochepa tinatengedwa kukanyamula madengu. Msuweni wanga Dan anali atabwereka kamera. Tepi yonse ndi ya maola awiri. Ola lathunthu ndi mitengo ya paini. Theka la ola ndi nkhungu, chifukwa Dan ankakhulupirira kuti ikayalula tiona phiri la Mulanje. Zambiri mwa zotsalazo ndi mayi wina wa kwaya amene Dan ankamufuna banja, ndipo anamukana ngakhale panali umboni wonsewo. A Rute akuonekamo mphindi zinayi. Ndinachita kuyeza ndi wotchi.

M'mphindi zinayizo sakuimba, sakupemphera. Aima pa mwala m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi atavala juzi yanga, akudya masitiroberi a m'kambale, ndipo akundikalipira. Ine sindikuoneka, ndili kuseri kwa Dan. Akuti, "Bambo a Luntha, ambulera ija mwaisiya m'basi eti? Munthu wa digiri! Mvula ikabwera mufunde satifiketi." Amayi onse akufa nazo ndi kuseka. Kenako akutembenukira ku kamera nkunena kuti, "Iwe Dan, chotsa chinthu chakocho, sukuona ndikutafuna?" Akubisa pakamwa ndi dzanja, koma maso akuseka. Basi. Kenako paini.

Lamulungu lililonse ndikachoka ku tchalitchi ndimavula jekete, kutseka makatani, nkukhala pansi kuti ndikalipiridwe. Palibe akudziwa. Luntha akaimba foni nthawi imeneyo ine osayankha, amaganiza kuti ndili pa mpira. Zingwe zija ndafika pozidziwa ngati ana anga. Mutu wachikasu umanyamula nkhope, woyera umanyamula mawu, wofiira sindikudziwa ntchito yake, uli ngati wachiwiri kwa wapampando. Masiku ena ndimazula wachikasu dala, nkupita ku khitchini kukatereka madzi a tiyi, kuti mawuwo azindipeza kuchokera pa balaza monga ankandipezera kale.

Tsono vuto ndi ili. Kumapeto kwa mwezi wa mawa akuchikazi akubwera kuchokera ku Jali kudzaona chiliza, kudzandisudzula ndi kugawana katundu wa malemu monga mwa mwambo wa kwawo. Pa msonkhano wokonzekera, ankhoswe a mbali zonse ali pomwepo, alamu anga a Elsie, amene ndi mng'ono wawo wa a Rute, anafunsa mwaulemu za makina osokera ndi mapoto. TV sanaitchule. Ndinaitchula ndine. Katoni ya TV yatsopano inali itangofika kumene, nditaitsamiritsa ku khoma pamalo poti aliyense aione, ndipo chimzimu cha ubwana chinandilowa. Ndinati, "Alamu, ndi TV yakaleyi yomwe mudzatenge, adzukulu azikaonera. Ife kuno tapita patsogolo." A Elsie anaomba m'manja, misozi ili mbwembwembwe, nati, "Achemwali ankaipukuta m'mawa uliwonse imeneyi. Zikomo alamu, mwandipatsa chinthu." Ankhoswe anati, "Tamva tonse." Inu mukudziwa, Aphungu, kuti mawu olankhulidwa pamaso pa ankhoswe sabwezedwa ngati malaya osakwana.

Deki palibe anaifunsa, ndiye itsala. Ine ndinkaganiza kuti ndi nkhani yongozula chingwe uku nkulowetsa uko. Alendo atapita ndinatembenuza TV yatsopano ija. Kumbuyo kwake kulibe bowo lachikasu, loyera kapena lofiira. Kuli timabowo topyapyala tolembedwa HDMI 1, HDMI 2 ndi HDMI 3, ngati makalasi a pulayimale. Ndinayang'ana ndi magalasi, ndinayang'ana opanda magalasi, ndinawerenga ndi kabuku kake komwe, kuphatikizapo masamba a Chipwitikizi.

Ndinatsikira ku Chikanda, kumene ophunzira a pa yunivesite amagula zonse za mafoni ndi makompyuta. Wogulitsa wina, a Idrissa, bambo wa ndevu zake zosamalika, anandimvetsera mpaka kumapeto nati, "Ambuje, analogi inafa kalekale, tinakaika, ndi sadaka yomwe tinadya. Dziko lonse lili pa dijito. Koma inu musadandaule, ndili nacho chingwe cha ukwati." Ananditulutsira chingwe chokhala ndi HDMI mbali imodzi, mbali inayo mitu itatu yanga ija, yonyezimira ngati golide. Anati, "Ichi chimayankhula zilankhulo ziwiri ngati ine." Nditafunsa ngati anachiyesapo, anati, "Ambuje, sing'anga samwa mankhwala a wodwala."

Ndinakwera nacho kwathu ku Sadzi nditachifumbata ngati chikho cha mgonero. Ndinalumikiza, ndinadina batani, deki inalira monga imalirira, ndipo TV yaikulu ija inandilembera mawu awiri a Chingerezi onena kuti sikuona kanthu. Ndinasinthanitsa mitu. Ndinayesa kalasi yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Ndinauzira mpweya m'mabowo monga tinkachitira kale. Kugonja ndalengeza kuja ndi kumeneku.

Aneba anga, a Hopewell, amene anapuma pa ntchito ya za nkhalango, maganizo awo ndi ena. Akuti, "Achimwene, dijito ndi bodza la achinyamata. Mitambo ikangochita mdima pa phiripa chithunzi chonse chimathawa. Analogi inkapirira, mpira tinkaonera ndithu ngakhale osewera ali awiriawiri." Iwo ali ndi TV yapakatikati, yopyapyala koma yokhala ndi mabowo amitundu aja. Ndinanyamula deki nkuwauza kuti ndikufuna kuyesa tepi ya msonkhano wa ku ofesi. Cholinga chinali choonetsa paini basi. Koma a Hopewell anapita kukatenga tiyi, ndipo chala changa chinathamangitsa tepi chokha.

Aphungu, a Rute anatuluka, koma sanali iwo. Anali atatambasuka m'mbali ngati munthu wodziyang'anira pa chivundikiro cha poto. Nkhope inali ngati yojambulidwa ndi choko pa bolodi, wina nkudutsitsapo dzanja lonyowa. Maso oseka aja anali madontho awiri. Munthu amene anakhala zaka makumi atatu akukana supuni yachiwiri ya shuga, TV ya a Hopewell inamunenepetsa pa sekondi imodzi. Ndinazimitsa eni nyumba asanabwere. Atafunsa kuti msonkhano unayenda bwanji, ndinati unalephereka, anthu sanakwane.

Pali chinanso. Miyezi yapitayi ngakhale pa TV yakale ija payamba kumadutsa mizere yoyera, ndipo pomwe akunena kuti "satifiketi" mawu akunjenjemera. Ndikasuzumira pa kagalasi ka tepi ndikuona toyera ngati ufa m'mphepete. Kuno ku Sadzi nthawi ya mvula ndi nsapato zomwe zimamera ndevu, ndiye ndikukayika.

Ndiuzeni, Aphungu, ndigule chingwe chiti? Akulondola ndani pakati pa a Idrissa ndi a Hopewell? Kodi ilipo HDMI yapamwamba imene ingabweze nkhope ya munthu monga inalili? Kapena ndidzivule ulemu, ndipite ku Jali ndi nkhuku kukapempha TV imene ndinapereka ndi pakamwa panga? Ndaganizaponso zonama kuti inapsa ndi magetsi. A Hopewell angathe kuchitira umboni, ndi munthu wosafunsa zambiri.

Ndalemba moseka chifukwa ndi mmene ndinazolowera kulembera. Koma chimodzi ndinene mosaseka. Ndikaonera Lamulungu, liwu lawo limandikhala m'makutu mpaka Lachitatu. Pofika Lachinayi ndikayesa kulikumbukira ndimangopeza zimene ananena, koma zikunenedwa ndi liwu langa. Ndiye ndimadikira Lamulungu.

D.A.,
Sadzi, Zomba.

Bambo D.A.,

Mtundu wa Amalawi wamva ndipo wati pepani. Mphindi ya chete ija tasunga muno mu ofesi, ngakhale ena amaganiza kuti netiweki yathawa. Tsopano tiyeni pa ntchito, chifukwa masiku anu ndi owerengeka. Kalata yanu ndinakambirana ndi amisiri awiri, dzina lanu osatchula.

Chingwe cha ukwati chija chiikeni m'kabati, ukwati wake sungatheke. Deki yanu imatulutsa chithunzi ngati mafunde, pamene bowo la HDMI limangomva manambala. Chingwe ndi msewu chabe, sichimasulira. Womasulira ndi kabokosi kakang'ono kotchedwa konveta, kamene kamafuna magetsi akeake. Mukafuna kugula, muwerenge bwino kuti kalembedwa AV kupita ku HDMI, osati HDMI kupita ku AV. Timabokosi tiwiriti timafanana ngati mapasa, koma kena kamakwera phiri, kena kamatsika. Mupite ndi deki ku sitolo akayese inu mukuona, ndipo ayesere tepi ina, osati ya a Rute. A Idrissa musakawakalipire kwambiri. Mwina nawonso anauzidwa ndi zolemba za pa paketi. Ndipo musanatuluke pakhomo, khutulani katoni ya TV yatsopanoyo. Ma TV ena ali ndi kabowo kamodzi kozungulira kolembedwa AV, ndipo kachingwe kake anthu amakataya limodzi ndi mapulasitiki.

Pa mlandu wa a Idrissa ndi a Hopewell, aliyense wawina theka. Pa dikoda yanu ndi china chilichonse chatsopano, HDMI basi, palibe zokambirana. Chingwe chimodzi chimanyamula chithunzi ndi mawu omwe, pamene mutu wachikasu uja HD sungainyamule ngakhale muupempherere. Mukalumikiza dikoda ndi zingwe zakale pa TV ngati yanuyo, mwana wanu wangovutika pachabe. Zagolide zisakunyengeni. Pa kamtunda kochoka pa kabati kufika pa TV, chingwe wamba cholimba bwino chionetsa chimodzimodzi.

Koma pa tepi ndikuuzeni mosabisa: chingwe chobweza nkhope kulibe. Zimene kamera ya a Dan sinagwire mu 1998 palibe angazipange lero. TV yakale ija ndi yaing'ono, ndipo zosowazo imazibisa mwaulemu. Yatsopanoyi ilibe mwambo, imakuza chilichonse. Kunenepa kuja kokha ndiye kuli ndi mankhwala. Pa rimoti, pomwe mumasankha kakulidwe ka chithunzi, muike pa 4:3. M'mbali mutsala mwakuda, a Rute abwerera mu juzi yanu monga analili. Mukatero kokerani mpando m'mbuyo. Mukakhala patali pang'ono maso anu azimalizitsa okha zotsalazo, poti nkhopeyo mumaidziwa kuposa TV iliyonse.

Tsopano ndimvereni bwino, chifukwa mwandifunsa za chingwe pamene chikudwala ndi tepi. Toyera mwaonato ndi chuku, ndipo mizere ija ndi chizindikiro choti tepi yayamba kutha. Nthawi iliyonse imene mukuionera, deki ikuipala pang'ono, ndipo ikuipala pamalo amodzimodzi, pa mphindi zinayi zomwezo. Paini uja ali bwinobwino, palibe amamuvutitsa. Lamulungu likubwerali musaionere. Ndikudziwa chimene ndikukupemphani. Itulutseni m'deki, muisunge pouma, ndipo musayese kuipukuta nokha ndi mpango kapena sipiriti.

Sabata yomwe ino funafunani anthu amene ankajambula maukwati kale, konko ku Zomba kapena ku Blantyre. Ena akadali ndi makina osamutsira tepi pa kompyuta. Afunseni kaye ngati anayeretsapo tepi ya chuku, ndipo amene ayankhe ndi mwambi mumusiye. Musawasiyire tepi kuti mudzatenge mawa. Khalani pomwepo, ndi nyuzipepala yanu, mpaka ithe. Asamutse yonse, ndi nkhungu yomwe, chifukwa simudziwa amene akuseka kumbuyo kwake. Muwapemphenso akupatulireni mawu okha pa fayilo ina. Zikatheka, muzingolowetsa fulashi pa bowo la USB la TV yatsopanoyo, ndipo konveta ija mwina simudzaifunanso. Makope akhale atatu: lanu, la Luntha ndi la a Elsie.

Inde, ndati a Elsie. Nkhuku yanu idyeni nokha, ku Jali musapite kukapempha TV. Bodza loti inapsa nalo lisiyeni, a Hopewell ndi munthu wamkulu, musawaimike pamaso pa ankhoswe ndi nkhani yopeka. Munapereka modzitama, koma amene analandira analandira ndi mtima wonse, ndiye mphatsoyo yayera. Tsono taganizani. Mayi amene analira chifukwa cha galasi limene mkulu wake ankapukuta, adzatani akamva liwu lake? Nanga Luntha, amene akuganiza kuti bambo ake ali pa mpira, anawamva liti mayi ake akuseka? Chaka chonse mwakhala mukudya nokha kuseri kwa makatani chinthu chimene ena awiri ali nacho njala. Sindikukudzudzulani. Maliro amatichititsa umbombo tonse.

Akuchikazi akadzafika, makope atapangidwa kale, TV isananyamulidwe, mudzaitane a Elsie ndi Luntha, amene ayenera kubwera kuchokera ku Joni, pa balaza masana. Mudzalumikize mitu itatu ija komaliza, aone a Rute pa galasi limene limawakhala bwino. Mudzawachenjeze kuti ndi kanthawi kochepa, ndipo kuti inu mukunyozedwamo. Manyazi adzakugwirani, koma sadzakuphani. Kenako TV ipite ku Jali monga munanenera. Ndipo za kusudzula musaope. Ankhoswe amamasula ukwati, alibe mphamvu pa zimene munthu amachita akachoka ku tchalitchi.

Chenjezo langa ndi lakuti musazengereze. Tepi ya chuku itha kuduka ili pa makina, ndipo mvula ina ikaipeza chonchi mwayi uchepa. Pitani mukudziwa kuti mwina simubwera nazo zonse.

Pali china chimene amisiri sangakuuzeni. Ine ndinasamutsa tepi ya malemu bambo anga zaka zitatu zapitazo, akuyankhula pa ukwati wa mchemwali wanga. Ntchito inayenda bwino, palibe chinatayika. Kale, pamene kunali kotsitsa deki pamwamba pa kabati, kupukuta fumbi ndi kugwada kuseri kwa TV kufunafuna mabowo, ndinkawamvera Khirisimasi iliyonse osaphonya. Pano ali mu foni imene ili patebulo panga pano, ndingathe kuwamva mu minibasi kapena pa mzere wa ku banki. Chisamutsireni ndawamvera kamodzi, tsiku loyesa ngati kope latheka. Masiku onse ndimati ndiwamvera mawa, poti tsopano sangathawe.

Aphungu